Kalata kwa Nduna ya Maphunziro: ndalama zothana ndi kujomba zizifika kumudzi njala isanayambe

Olemekezeka a Nduna ya Maphunziro,
Olemekezeka a Nduna ya Zachuma, aphungu, ma DC ndi makhansala, komanso inu a mabungwe amene mumathandiza maphunziro m'dziko muno,

Ndine kholo, ndipo ndili mu komiti ya sukulu ina ya pulaimale ya kumudzi m'chigawo chapakati. Pempho langa ndi limodzi. Pa ndalama zimene mumapatula kuti ana asamajombe kusukulu, pakhale gawo lodziwika bwino lopita kwa anthu amene amayendadi khomo ndi khomo kukatenga anawo, ndipo gawolo lizifika chaka cha sukulu chikamayamba mu Seputembala, osati teremu yachitatu ili pafupi kutha.

Nkhondo yolembetsa ana tinaimenya kale ndipo tinapambana. Boma litachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti sukulu ya pulaimale ndi yokakamiza. Lero kholo losalembetsa mwana mu Sitandade 1 n'losowa. Koma dzina kukhala m'kaundula sikutanthauza kuti mwini wake ali m'kalasi, ndipo chiwerengero chimene chimakufikani ku Lilongwe nthawi zambiri ndi cha mayina olembedwa, osati cha ana amene anayankha kuti "ndilipo" mmawa wa tsikulo.

Mukanaona buku loitanira mayina la Sitandade 4 pasukulu yathu mukanamvetsa chimene ndikunena. Mu Okutobala masamba ake ndi oyera bwino, pafupifupi mwana aliyense alipo. Mvula ikangogwa mipata imayamba. Pofika Febuluwale pali mayina amene sabata yonse aonekera kawiri. Tsiku la msika ndiye kalasi imachepa moti ngakhale mlendo angazindikire, chifukwa ena apita kukagulitsa mandasi a mayi awo, ena kukanyamulira anthu katundu, ena kukangodzazana m'kanyumba ka vidiyo. Palibe mwana amene amadzuka tsiku limodzi n'kunena kuti sukulu ndasiya. Amayamba n'kujomba Lachisanu, kenako masiku awiri, kenako sabata yathunthu ya ganyu yopalira. Akabwerera amapeza anzake apita kutali ndi masamu, aphunzitsi ali ndi ana opitirira 100 ndipo sangathe kubwerera m'mbuyo chifukwa cha iye yekha. Mayeso akalephera amabwereza. Akabwereza kawiri amakhala mnyamata wa mawu aakulu pakati pa tiana, kapena mtsikana wotha msinkhu amene anzake akumuseka, ndipo manyazi amamaliza zimene njala inayamba. Pamene inu mukumuwerenga ngati wosiyira sukulu panjira, ife tinayamba kumuona akupita zaka ziwiri m'mbuyomo.

N'chifukwa chake ndikuti ndalama yogwira ntchito kwambiri ndi imene ingafike pa sabata yoyamba ya kujomba. Nthawi imeneyo vuto limakhala laling'ono ndipo timalidziwa ndi dzina. Uyu alibe kope. Uyu yunifolomu yang'ambika kumbuyo ndipo alibe sopo wochapira. Uyu akulera mng'ono wake chifukwa mayi ali kuchipatala. Uyu wagona ndi njala ndipo sangayende makilomita anayi m'mimba muli pululu. Uyu wayamba kusamba ndipo pasukulu palibe chipinda chosinthira, choncho mwezi uliwonse amakhala pakhomo masiku angapo. Kuno kwathu Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya kupalira, kubandira, kuthyola ndi kusoka fodya. Kunyanja, monga ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, mnyamata amaona kuti usiku umodzi wothandiza asodzi a usipa umamupatsa ndalama m'manja pamene sukulu ikungomulonjeza za mtsogolo. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma lamulo silipita kudimba kukamutenga. Amapita ndi munthu.

Munthuyo kawirikawiri ndi mayi wa Mother Group, gulu la amayi odzipereka lothandiza ana pasukulu. Ndifotokoze ntchito yawo, chifukwa m'malipoti imangolembedwa mzere umodzi. Aphunzitsi akaona kuti mwana wasowa masiku atatu amauza ahedi, ahedi amatuma uthenga kwa amayiwa. Awiri amasiya khasu lawo mmawa, nthawi imene munda wawo womwe ukufuna kupalira, n'kuyenda wapansi kupita kumudzi wa mwanayo. Sakafika n'kuyamba kukalipa. Amakhala pamphasa, kulonjerana ndi agogo amene akulera adzukulu anayi, kufunsa za matenda, za mvula, kenako pang'onopang'ono n'kufika pa nkhani. Nthawi zina amapeza mwanayo ali kuseri kwa nyumba akumvetsera. Ndinaonapo mayi wina akumasula mfundo ya chitenje chake n'kutulutsa ndalama yake yomwe kuti agulire mtsikana wina sopo ndi kope, chifukwa anaona kuti akachoka ndi malangizo okhaokha ndiye kuti ulendo wonsewo wapita pachabe. Mtsikanayo anabwera kusukulu Lolemba lotsatira. Amayi omwewa ndi amene amasoka mapadi ochapa, amalima kamunda ka soya kuti apeze kangachepe kothandizira ana amasiye, amakambirana ndi makolo a mtsikana amene wabereka kuti abwerere m'kalasi monga mmene ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuyambira 1993. Salandira malipiro. Ambiri a iwo sukulu sanapite nayo patali, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyi imawapweteka kuposa ife tonse.

Sali okha. Mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo a m'mudzi oletsa kutsegula vidiyo nthawi ya sukulu ndi kulowetsa ana kuchinamwali teremu ili mkati. M'madera ena a Achewa gule wamkulu amatuluka mmawa kuperekeza ana kusukulu. Dziko lonse linamva za Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabwezera m'kalasi. Anthu ogwira ntchitoyi alipo kale, ndipo safunika kuwaphunzitsa kuti sukulu ndi yofunika. Chimene alibe ndi ndalama yochepa yoti akapeza vuto alithetse pompo.

Ndikudziwa muyankha kuti ndalamazo zilipo kale, ndipo n'zoona. Kuyambira cha mu 2010 masukulu a pulaimale akhala akulandira School Improvement Grant, imene ife timangoti SIG, ndipo ndi imodzi mwa nzeru zabwino zimene boma linachitapo pa maphunziro. Ndalama imalowa mu akaunti ya sukulu, komiti ndi makolo amakhala pansi n'kugwirizana zochita nayo, ndipo mbali ina imayenera kuthandiza ana ovutika. Ndikuyamika. Koma pali zinthu zitatu zimene zikuifoola, ndipo chachikulu ndi nthawi. Kwathu takhalapo ndi chaka chimene ndalama inafika ana atakolola kale, mayeso a Sitandade 8 atalembedwa. Ana amene tinkafuna kuwagulira makope mu Januwale anali atasowa kale, ena ali ku esiteti, mmodzi ali pabanja. Tinagula zitseko ndi choko, zinthu zofunika ndithu, koma anawo sitinawapezenso. Chachiwiri n'chakuti ndalamayo mphamvu yake inatha. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogula kope kapena sopo akudziwa chimene chinatsatira. Chachitatu, m'thumba limodzi lomwelo mukuyenera kuchoka choko, kukonza denga, chimbudzi, mayeso ndi ana ojomba. Pamsonkhano denga lodontha limaoneka ndi maso, mwana amene kulibe saoneka, choncho amagonja ndi iyeyo.

Pali china chimene chimandiwawa kwambiri. Ndalama ya boma ikachedwa, sukulu imatembenukira kwa makolo kuti asonkhe kangachepe kolipira mlonda kapena kusindikiza mayeso. Amene sanapereke, mwana wake nthawi zina amabwezedwa pakhomo, ngakhale unduna wakhala ukunena kuti zimenezi n'zosaloledwa. Ndiye taonani, mwana yemwe uja amayi a Mother Group anakamunyengerera dzulo, lero sukulu yomweyo yamubweza. Mawa mukapitanso kwa agogo aja mukanena chiyani? Ahedi sindikuwaimba mlandu, chifukwa nawonso amakhala atapanikizika. Kuchedwa kwa ndalama kukubala kujomba kumene ndalamayo inayenera kuthetsa.

Umboni wakuti thandizo laling'ono lofika pa nthawi yake limasunga mwana m'kalasi tili nawo m'dziko mwathu momwe muno. Bungwe la Mary's Meals linayambira kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero likudyetsa ana opitirira 1 miliyoni m'masukulu a dziko lino. Ophika phalalo ndi anthu a m'midzi, odzipereka, amene amadzuka kusanache kukasonkha moto. Funsani mphunzitsi aliyense wa pasukulu yolandira phala akuuzeni mmene kalasi imakhalira tsiku limene ufa watha. Ku Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri anachita kafukufuku wopereka ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo. Anapeza kuti pamene ndalamayo inkaperekedwa pa mfundo yoti mtsikana azipezeka m'kalasi, osiya sukulu anachepa ndipo kabweredwe kawo kanakwera. Anapezanso kuti ndalama yochepetsetsa imene ankapereka inkagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi yochuluka. Mfundo imeneyi a Nduna ya Zachuma aimve bwino: sitikupempha chuma chambiri, tikupempha chodalirika. Nayo Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imaonjezera kangachepe pa mwana aliyense wa pasukulu m'banja lolandira. Vuto n'lakuti mabanja olandira ndi ochepa poyerekeza ndi ovutika, ndipo ana ambiri ojomba amachokera m'mabanja amene ali pamwamba pang'ono chabe pa mzere umene munadula.

Tsopano kwa inu a mabungwe. Tikuthokoza, pakuti popanda inu masukulu ambiri sakanakhala ndi phala, mijigo kapena zimbudzi za atsikana. Koma ndinene mosabisa zimene taona. Bungwe lina linabwera kwathu ndi pulojekiti yolimbana ndi kujomba. Linatitengera ku maphunziro a masiku angapo kumalo ogona alendo, tinadya bwino, tinalandira alawansi ndi malaya olembedwa uthenga. Titabwerako panalibe ngakhale ndalama yogulira kope limodzi la mwana. Galimoto inkabwera kudzajambula zithunzi ndi kutenga mayina, ndipo pulojekiti itatha sitinamvenso kanthu. Ndalama imene inalipira chipinda changa usiku umodzi ikanagula makope a kalasi yonse. Sindikunena kuti maphunziro ndi oipa, amayi atsopano amafunikadi kuunikiridwa za malamulo oteteza ana ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama. Koma zimenezo zikhoza kuchitikira pa TDC yathu, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi m'dera lathu, tsiku limodzi, anthu n'kubwerera kukagona kwawo. Musanasainirane ndi opereka ndalama, dzifunseni kuti pa kwacha 100 iliyonse, ndi zingati zimene zidzakhudze mwana wojomba kapena munthu wokamutenga. Ndipo a unduna muzifunsa funso lomwelo musanalole bungwe kulowa m'masukulu.

Vuto lina ndi khomo lolowera. Thandizo likalengezedwa kuti magulu apemphe, mafomu amakhala m'Chingerezi chovuta, pa intaneti, ofuna satifiketi ya kulembetsa bungwe ndi malipoti a akatswiri owerengera ndalama. Gulu la amayi khumi a m'mudzi silingakwanitse zimenezo, ndiye ndalama imathera kwa amene amadziwa kulemba, osati kwa amene amadziwa ana. Lolani kuti gulu lipemphe pa pepala limodzi kapena awiri, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena chilankhulo china cha deralo, ahedi ndi a mfumu asaine, a PEA, amene ndi mlangizi wa masukulu a pulaimale m'dera, atsimikize. Ndalama ikhale yochepa koma yobwera chaka ndi chaka kwa zaka zingapo, kuti gulu lithe kukonzekera. Mwana amene tamubweza ali Sitandade 4 akufunikabe kumuyang'anira mpaka Sitandade 8.

Ena mudzati ndalama ikapita kumudzi idzabedwa. Nkhawa imeneyi sindikuipeputsa, chifukwa makomiti osakhulupirika alipo, ndipo ahedi ena anasokonezapo SIG. Koma mankhwala ake ndi odziwika. Ndalama ikafika, chiwerengero chake chilembedwe pa bolodi panja pa ofesi ya ahedi, chilengezedwe pamsonkhano wa makolo, kutchalitchi ndi kumzikiti. Osaina akhale atatu, mmodzi wa iwo mayi wa Mother Group. Masiku ano Airtel Money ndi TNM Mpamba zafika pafupifupi paliponse, ndipo ndalama yodutsa pafoni imasiya mapazi. Kumudzi anthu amadziwana, munthu akagula njinga yatsopano sabata imene ndalama ya sukulu yafika, mudzi wonse umafunsa. Tikumbukirenso kuti ndalama zambiri zimene dziko lino linataya pa Cashgate mu 2013 zinabedwera m'maofesi a boma ku likulu. Ngati chitetezo chinakhwimitsidwa kumeneko popanda kutseka maofesiwo, n'zothekanso kukhwimitsa chitetezo kumudzi popanda kuwamana anthu ndalama.

Pa nkhani ya zindapusa ndili ndi maganizo amene anzanga ena a mu komiti sagwirizana nawo. Mwini vidiyo amene akulowetsa ana nthawi ya sukulu alipitsidwe ndithu. Mlimi wolemba ana ganyu mmawa wa Lachiwiri alipitsidwe, ndipo akabwereza nkhani ipite kupolisi. Bambo wokwatitsa mwana aweruzidwe, pakuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amanena kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma kulamula nkhuku kwa gogo amene mdzukulu wake wajomba chifukwa m'nyumba mulibe ufa, kumeneko n'kuwonjezera njala imene yamujombetsa. Mfumu yopanda chothandizira anthu ake imatsala ndi chindapusa chokha m'manja. Mukaipatsa gulu lokhala ndi kathumba, idzayamba yafunsa chimene chavuta isanagamule.

Kathumba kameneka kamafunika kwambiri pakagwa tsoka. Masukulu atatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja m'miyezi yochepa chabe. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, masukulu ambiri a m'chigawo chakummwera anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Sukulu zikatsegulidwanso, thandizo lambiri limapita ku malata ndi matenti, ndipo n'koyenera. Koma amafunikanso anthu otenga kaundula wakale n'kuyamba kufunsa kuti uyu ali kuti, uyu anasamukira kwa yani. Ntchito imeneyo ikachedwa ndi mwezi umodzi, ana ena sabwereranso.

Kwa aphungu ndi makhansala, ndalama za chitukuko cha m'madera zamanga midadada yambiri ndipo zalipirira fizi ana ena a kusekondale. Mdadada umaoneka, umakhala ndi chikwangwani, ndipo pa kampeni umalozedwa. Mwana wa Sitandade 3 amene wabwerera m'kalasi alibe chikwangwani. Komabe ndikupemphani kuti pokonza mapulani ku khonsolo muikemo mzere wa magulu a m'midzi othana ndi kujomba, ndipo ma ADC ndi ma VDC, makomiti a chitukuko a m'madera ndi m'midzi, aunene poyera kuti anthu audziwe. Sukulu ya sekondale imene mukumanga idzalandira okhawo amene anapulumuka ku pulaimale.

Pomaliza ntchito iliyonse mumafuna lipoti, ndipo ife sitikukana kuyesedwa. Koma mutiyese ndi muyeso woyenera. Musatifunse kuti tachititsa misonkhano ingati kapena anafika anthu angati. Tifunseni kuti ana amene anajomba masiku opitirira atatu anali angati, tinawayendera angati, anabwerera angati, ndipo pakutha pa teremu analipobe angati. A PEA azibwera mosalengeza, makamaka mu Febuluwale ndi pa tsiku la msika, awerenge mitu m'kalasi n'kuyerekeza ndi buku. Kuti achite zimenezo nawonso akufunika mafuta a njinga yamoto, chifukwa PEA wopanda mafuta amangodalira zimene ahedi amuuza pafoni. Gulu limene ana ake akubwerera lipitirize kulandira. Limene palibe chikusintha lifunsidwe mafunso, lithandizidwe, ndipo ngati pali chinyengo lichotsedwe.

Chaka cha boma cha ndalama tsopano chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti pali miyezi isanu yathunthu sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti ndalama ichoke ku Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, idutse ku khonsolo, ifike mu akaunti ya sukulu. A Nduna, pamene mukukonza bajeti ikubwerayi, tikupempha kuti muikemo gawo lapadera la magulu a m'midzi othana ndi kujomba, losiyana ndi la choko ndi malata, ndipo muuze sukulu iliyonse mwa kalata kuti ilandira zingati ndiponso tsiku liti. Tsikulo likadutsa ndalama isanafike, mutiuze ofesi yoti tikafunse ndi munthu amene ayenera kutiyankha.

Ine wanu,
Kholo komanso membala wa komiti ya sukulu ya pulaimale,
Chigawo chapakati